Lestina wa Matekenya

Lestina anafika ku Thyolo ali mtsikana wongotha msinkhu, m'zaka zimene Alomwe ankawoloka Ruo m'magulumagulu kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Ulendowo unamudyera zala ziwiri za phazi lamanzere. M'misasa yomwe ankagona panjira munali matekenya, tizilombo tija timaboola khungu n'kukhala m'kati mpaka kutupa ngati nandolo. Munthu wothawa alibe nthawi yokhala pansi n'kumayang'ana mapazi. Mabala anaola mpaka kufika pafupa, ndipo pomwe banja lawo linkapatsidwa malo pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa, zala zija zinali zitathothoka. Ankayenda motsimphina pang'ono, koma dengu la tiyi ankadzaza ngati mnzake aliyense.

Poti ululu wake ankaudziwa, sankatha kuona mwana akukanda phazi pamwala n'kungodutsa. Anayamba ndi ang'ono ake, kenako ana a anansi, mpaka Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankapeza anthu akumudikira pansi pa mtengo wa mango. Chida chake chinali munga wa mthethe. Ankakulitsa kabowo pang'onopang'ono kuti kathumba ka tekenya katuluke kathunthu, chifukwa kakaphulikira m'kati bala limanyeka. Akakatulutsa ankakaponya pamakala, n'kupaka pabalapo phulusa ndi mafuta a nsatsi. Wina ankabwera ndi chinangwa, wina kalongonda, wina manja okha, ndipo onse ankachoka atathandizidwa.

Panali mnyamata wina wamtali dzina lake Fabiano, wokumba maenje obzalamo tiyi, amene ankayambitsa nyimbo anthu akamalima. Masiku ena anayamba kuyendera zidendene ngati bakha, nyimbo n'kuzilala. Lestina anakumana naye panjira yakumtsinje.

"Achimwene, mapaziwo mukuwabisira ndani?"

"Ndinaponda chitsa, achemwali."

"Chitsa chake chinakubayani zala zonse? Takhalani apa."

Fabiano anakhala, maso ali kumwamba ndi manyazi. Pansi pa zikhadabo panali matekenya ngati chisa cha mavu. Ntchitoyo inatha dzuwa litapendeka, ndipo mnyamata wamtaliyo anagwetsa misozi ngati mwana. Lamulungu lotsatira anabweranso, lotsatiranso anabwera, mapazi ali bwinobwino. Lestina anamufunsa chomwe chikumupweteka tsopano, iye n'kuloza pachifuwa. Mvula isanagwe, ankhoswe anakumana.

Banja lawo linali lamtendere. Fabiano ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo awo pa esiteti, Lestina ankathyola tiyi, ndipo anabereka mwana wamkazi, Anesi. Atapeza pang'ono, Fabiano anagula nkhumba yaikazi ku Bvumbwe n'kuitcha Dona, poti inkadya osagwira ntchito. Ankaikonda kwambiri moti khola anamanga pafupi penipeni ndi khonde, kuti aziimva ikamalira.

Chilimwe chimenecho matekenya anavuta panyumbapo. Lestina akachotsa m'mapazi mwa Anesi lero, mkucha alowanso ena. Zinamuchititsa manyazi, iye wochotsa za anzake. Ndiye m'mawa wina anaona Dona ikutsimphina, ikukankha ana ake akafuna kuyamwa. Analowa m'khola, n'kuona pakati pa ziboda ndi m'mawere muli timatuza toyera tokhala ndi kadontho kakuda pakati.

"Bambo a Anesi, tabwerani muone Dona wanu. Matekenya onsewa akuswana muno."

Fabiano anayang'ana, nkhope n'kugwa. "Ndiye mukuti tiiphe, amake Anesi?"

"Ndani wanena zopha? Itanani a Yesaya mudzaigwire miyendo."

A Yesaya, mnansi wawo, anabwera akuseka kale. Amuna awiriwo anagwetsa nkhumba ija, iyo ikulira ngati ikuphedwa, ndipo mudzi wonse unathamangira kuganiza kuti kuli nyama. Anapeza Lestina atagwada m'fumbi, akutokosa phazi la nkhumba mosamala ngati la khanda. Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Dona inapalasa mwendo, n'kuponya a Yesaya m'chodyera, koma Lestina sanaleke mpaka bere lomaliza. Tsiku lomwelo amuna aja anagwetsa khola, anatentha udzu pamalopo, n'kumanga lina kumunsi kwa nthochi. Lestina anazira nyumba ndi khonde, n'kumawaza madzi pabwalo m'mawa uliwonse kuti fumbi lisakhale. Mapazi a Anesi anapola, ana a Dona ananenepa, ndipo nkhani ya nkhumba inakhala nyimbo ya Fabiano kumunda chaka chonse.

Si mabala onse amene Lestina ankawatha. Munthu akabwera mochedwa, phazi litatupa n'kumanunkha, Lestina sankaligwira ndi munga. Ankauza abale kuti amunyamule pamachira kupita kuchipatala cha mishoni, ndipo nthawi zina ankawaperekeza yekha, akutsimphina kumbuyo kwawo. Ena ankabwerako opanda chala. Bambo wina wa ku Kapichi sanabwereko.

Zaka zitapita, tiyi atadzaza mapiri onse omwe kale anali nkhalango, maso ake anayamba kuchita chifunga. Anesi, yemwe tsopano anali mayi, ndiye anatenga ntchito ija, iye akugwiritsa singano yowotcha pamoto. Lestina sanachoke pansi pa mango. Ankafukata mwana wolira, n'kumamufunsa za mbuzi zakwawo ndi mayina a azakhali ake, mpaka mwanayo kuiwala kuti phazi lili m'manja mwa wina. Fabiano, imvi zili mbuu, ankakhala chapatali akuluka dengu, n'kumatsutsa nkhani iliyonse yomwe mkazi wake wanena, ndipo anthu ena ankabwera opanda tekenya ndi limodzi lomwe, kudzangomvera awiriwo akukangana.