Mayi Amene Anamasula Mfundo za Udzu

Inu amene mwadzuka lero mukuona ngati makomo onse akutsekerani, tamvani za Namasiku Akapelwa wa ku Linda, m'tauni ya Livingstone.

M'nyengo yozizira ya chaka cha 1996, mayiyu anakhala pansi pa geti ya paki ya Mosi-oa-Tunya, fumbi lili mbuu kumaso, chitenje chitang'ambika ndi waya. Anamugwira akumweta udzu mkati mwa malo osungirako nyama. Mitolo yake inali itaunjikidwa pambali ngati umboni, ndipo zenga lake linali m'manja mwa mlonda wa pakiyo, dzina lake Mubiana.

“Bamayo, simuziba kuti muno ni mu paki?” anafunsa Mubiana.

“Niziba, ba bwana. Manje mauzu nizayapeza kuti? Konse bavala.”

Sankanama, konse kunali kotsekadi. Mwamuna wake anamwalira fakitale ya mabulangete itangotsekedwa, n'kumusiyira ana atatu ndi kanyumba kodontha. Ntchito imene ankaidziwa inali imodzi yokha: kumweta udzu wofolera, kuupesa bwino, n'kukagulitsa m'mphepete mwa msewu. Kale ankamweta m'tchire la kufupi ndi mtsinje wa Zambezi, kumene aliyense ankangolowa. Koma lamulo latsopano la malo litabwera, anthu a ndalama anayamba kutenga mapepala a umwini, ndipo m'mawa wina amayi anangopeza mpanda wawaya pamene panali njira yawo. Uku mpanda wa mwini malo, uku mpanda wa paki. Mmphawi anatsala pakati.

Tsiku la pa geti lija alonda anamukhululukira, koma zenga sanamubwezere. Anabwerera ku Linda manja ali lende, manyazi atamugwira mpaka m'mafupa. Ana anawapeza atadya kale kwa mnzake wapamtima, Chipego, yemwe ankamweta naye limodzi. Chipego sanafunse zambiri. Anangomupatsa mbale, n'kumubwereka zenga lake lakale.

Chimene chinamupweteka kwambiri chinachitika patangopita masiku ochepa. Ali pakhomo, anaona utsi wakuda ukufuka chakupaki. Alonda ankatentha tchire monga ankachitira chaka ndi chaka, kuti moto wolusa wa m'chilimwe usadzawononge mitengo. Udzu womwewo umene anamugwirira unali kupsa.

Wina akanangotukwana, n'kulowanso mozemba. Ambiri ankatero. Namasiku anasamba, anavala chitenje cha kutchalitchi, n'kupita ku ofesi ya mkulu wa pakiyo, bambo Choongo.

“Ba Choongo, nifunseko. Mauzu yamene mushoka, ngati tayajuba ise poyamba, nyama izalila?”

Ankafunsa ngati nyama zingalire iwo atayamba amweta udzu umene alonda amatenthawo. Bambo Choongo anaseka, koma si kuseka konyoza. Anamufotokozera kuti lamulo limaletsa kutulutsa chilichonse m'paki popanda chilolezo, ngakhale kamtengo kotsukira mano.

“So chilolezo chiliko?” anatero Namasiku.

“Chiliko, koma sitipasa bantu ba mauzu. Bakangena na chikwakwa, kumbuyo kubwela mawaya.”

Ankanena misampha yawaya imene opha nyama mozemba ankatchera. Nthawi imeneyo m'pakimo munali zipembere zochepa kwambiri, ndipo alonda ankazisamala ngati dzira. Mkulu aliyense ankadziwa kuti chimodzi chikangovulala, ntchito yake yatha.

Namasiku anatola mawu amodzi okha pa zonsezo: chilolezo chilipo. Kuyambira pamenepo benchi ya pa ofesiyo inamudziwa. Mvula ikagwa anali pomwepo, dzuwa la ku Livingstone lija likang'amba anali pomwepo. Alembi a mu ofesimo anafika pomutcha Mayi Udzu, ndipo ena ankabisala akamuona akutulukira. Ku Linda nako anthu sanamusiye. “Ba Namasiku bafuna kukwatiwa ku gemu,” ankatero amayi pa mpopi, kunena kwa alonda a nyama aja. Iye ankangoseka nawo, mawa lake n'kupitanso.

Nthawi yonseyi ana ankafunika kudya. Ankakwera galimoto za makala kupita kutali, njira ya ku Kazungula, kukamweta m'minda ya anthu, theka la mitolo n'kusiyira eni munda. Mapazi anang'ambika, msana unkalira, koma udzu wake unali wopesa bwino kuposa wa wina aliyense, moti ofolera nyumba zogona alendo zimene zinkamangidwa m'mbali mwa mtsinje anayamba kumufunsa ndi dzina. Vuto linali lakuti udzuwo sunkakwana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1998 kunamveka za lamulo latsopano la nyama zakutchire, lomwe linkanena kuti anthu okhala pafupi ndi nyama azipindulako nawo. Bambo Choongo analimba mtima. Chaka chotsatira, udzu utauma ndipo njere zitagwa, anamuitana.

“Nizakuyesani season imozi chabe, na bakazi bamene muzasankha mweka. Koma mvelani bwino. Tikapeza waya olo umozi pamene mujuba, vasila. Simuzangenamo futi.”

Namasiku anasankha amayi a ku Linda ndi a ku Dambwa, ndipo woyamba kumutchula anali Chipego. Tsiku loyamba kulowa pa geti masanasana, mitu ili m'mwamba, ena analira. Mubiana yemwe uja ndiye ankawaperekeza ndi mfuti, kuopa njati.

Tsono amayi omweta udzu ali ndi mwambo wawo. Munthu akapeza malo a udzu wabwino, amagwira nsonga za udzu uli chiimire n'kumanga mfundo. Mfundoyo imatanthauza kuti pano pali mwini. Palibe amene amayandikira, ngakhale mwiniyo atadwala sabata yathunthu. Kumweta pa mfundo ya mnzako n'chimodzimodzi kupisa dzanja m'thumba mwake, ndipo pa nkhani yotere anthu amadana mpaka kumanda.

Ntchito inayenda bwino mpaka tsiku lina masana, pamene Namasiku anamva kulira kwachilendo m'munsi mwa kachigwa. Mubiana anali kutali ndi gulu lina. Namasiku anatsata kulirako, ndipo anapeza mbawala ikuphupha, waya atailowa m'mwendo. Pamwamba pake, udzu unali womangidwa mfundo. Wotchera msamphayo anadziwa kuti pansi pa mfundo sipafika munthu.

Anaiyang'ana mfundoyo. Mayi aliyense ali ndi kamangidwe kake, ndipo kameneka ankakadziwa bwino. Kanali ka Chipego.

Taganizani inuyo. Palibe anaona. Akanatha kumasula nyamayo, kukwirira wayayo, n'kukhala chete. Koma ankadziwa kuti pamene pali msampha umodzi pali inanso, ndipo tsiku lina alonda adzaipeza okha. Akanenanso, ndiye kuti chilolezo chimene anachivutikira zaka zonsezi chapita, pamodzi ndi mnzake amene anadyetsa ana ake tsiku la manyazi lija.

Anaigwira mbawalayo ndi chitenje kumaso, anamasula waya, nyama n'kuthawa motsimphina. Kenako anaitana amayi onse.

“Kuyambila manje, kulibe mfundo. Tizamasula zonse. Tizajuba pamozi mu laini, togabana pa geti.”

Kunali chiphokoso. Mayi wina wachikulire anaponya zenga pansi.

“Iwe Namasiku, unaonapo kuti? Mfundo ya munzako sibagwila!”

“Nayamba na yanga,” anayankha, n'kumasula mfundo yake onse akuona. Kenako anakweza waya wamagazi uja m'mwamba. “Ichi chinali pansi pa mfundo. Nsomba ikaola imozi, zonse zaola. Musankhe, mfundo olo mauzu.”

Mmodzimmodzi anayamba kumasula, nkhope zili zolimba, chifukwa mwambo suthyoka mosavuta. Anayenda mondondozana m'malo onse amene ankamweta, ndipo anatola misampha yodzaza manja awiri. Yonse inali pansi pa mfundo za munthu mmodzi. Chipego ankayenda kumapeto kwa mzere, maso ali pansi.

Madzulo Namasiku anasenza mtolo wake, mawaya aja atawaika pamwamba penipeni, poonekera. Mubiana atawaona anatsala pang'ono kugwetsa mfuti.

“Bamayo, muziba kuti kupezeka na waya mu paki ni jele?”

“Niziba. Nipelekeni kuli ba Choongo.”

Anakawaika mawayawo pa tebulo la mkuluyo, amayi onse ataima panja. Anafotokoza za mbawala, za mfundo, ndi zimene anagwirizana. Sanachepetse kanthu.

“Munakamba kuti mukapeza waya, vasila,” anatero Namasiku, kutanthauza kuti zonse zatha. “Simunapeze imwe. Tapeza ise, taleta teka.”

“Anateya ni ndani?” anafunsa bambo Choongo, pofuna kudziwa amene anatchera misamphayo.

Namasiku sanatchule dzina la mnzake. Ndipo pakhomo panamveka mawu otsika.

“Ni ine, ba bwana. Bamuna banga ndiye bananipasa. Banati pansi pa mfundo kulibe azaona.”

Anali Chipego. Ine pa anthu awiriwa sindidziwa amene analimba mtima kwambiri tsiku limenelo.

Lamulo linagwira ntchito yake. Mwamuna wa Chipego anakayankha mlandu kukhoti, ndipo Chipego analetsedwa kulowanso m'paki. Za chilolezo bambo Choongo sananene kanthu. Anangoti, “Yendani, muzamvela.” Amayi ena anamunena Namasiku kuti wawaphera ntchito ndi chilungamo chake chopusa. Masiku amenewo anali owawa, ndipo iye mwini anavomera kuti chakudya sichinkalowa.

Lolemba lotsatira anapita ku geti m'mawa, osadziwa ngati akabwezedwa. Anapeza bambo Choongo ataima pomwepo, geti ili yotsegula.

“Ma scout banga bapita paja kambili, sibanaone kanthu,” anatero mkuluyo, kunena alonda ake. “Imwe muona pansi pa mauzu. Ngenani. Na chaka chamawa mubwele.”

Amayi asanayambe nthungululu, Mubiana anatuluka m'kanyumba ka alonda atanyamula kanthu kadzimbiri. Linali zenga lija. Analipereka ndi manja awiri, ngati mwana kwa mayi ake.

Zaka za m'ma 1990 zisanathe, gulu la Namasiku linali likupereka udzu kwa ofolera nyumba za alendo, ndipo ana ake anabwerera kusukulu. Kanyumba ka ku Linda kanasiya kudontha. Pogawana mitolo pa geti, iye ankapatula umodzi pa gawo lake, n'kukautula pakhomo pa Chipego. Poyamba chitseko sichinkatseguka. Iye ankangousiya pomwepo n'kumapita. Tsiku lina anapeza Chipego atakhala panja akupesa udzuwo, ndipo Chipegoyo anamusunthira mpando.

Abale anga, mayiyu analibe sukulu yoti n'kutsutsana ndi lamulo, analibenso wachibale ku boma. Anangokana kulowera pansi pa waya, nasankha kugogoda pa geti mpaka inatseguka. Ndipo itatseguka, analolera kuitaya kusiyana n'kuisunga ndi bodza. N'chifukwa chake sanamutsekerenso.

Mwina nanunso lero mwakhala pansi pa geti ina, chida chanu chili m'manja mwa wina, anthu akukusekani pa mpopi. Dzukani, sasani fumbi, mukafunse ngati chilolezo chilipo. Akakubwezani, mawa mupitenso. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa ngakhale zenga ladzimbiri limanoleka.