Bedi Losapalira

Lero m'mawa ndapeza njere za chisoso zitakanirira pachitenje changa. Pozithothola, ndakumbukira tsiku lina ndili mwana kusukulu kwathu, kufupi ndi Mkaika.

Chaka chimenecho kunabwera mtsikana wophunzira kukoleji kudzatiphunzitsa sayansi m'dimba la sukulu. Anatidzalitsa repu m'mabedi awiri. Lina tizilipalira, lina tisalikhudze n'komwe, kuti tione mmene udzu umabera mbewu chakudya. Losapaliralo linagwera ine, ndipo pakathabwa analembapo dzina langa.

Kwathu munda wolowa thengo ndi manyazi a banja lonse. Ndiye tsiku la msonkhano wa makolo, nditaona atate akulowera kudimba, ndinawatsatira. Anawerenga kathabwa kaja, n'kunditembenukira.

"Iwe, ndi lako ili?"

"Inde atate, koma aphunzitsi anati..."

"Khala chete. Anthu akuona."

Anavula jekete, n'kugwada, n'kuyamba kuzula chisoso ndi manja. Fungo la udzu wothyoka ndi dothi lonyowa linandilowa m'mphuno. Ndikanawagwira bwanji dzanja atate anga pagulu? Uku aphunzitsi aja anali akubwera ndi makolo ena, akumwetulira, chala chikuloza bedi langa.

"Bwerani kuno, mudzaone zimene ana anu atulukira!"

Atate, osadzutsa n'komwe mutu, anandipatsira mtolo wa udzu m'manja, mizu ikuyoyoka dothi pamapazi anga.

"Thamanga ukataye, mwanawe," ananong'ona. "Asanafike ndikhala nditakumalizira."