Nthomba ya Zuze pa tsiku la zikumbutso zitatu

Chidayamba ndi msana. Mwana wa zaka zinayi sadandaula msana, koma m'mawa umenewo Zuze wanga adakana kudzuka pamphasa, atagwira m'chiuno ngati nkhalamba yochokera kudimba, nkumati, "Mayi, pano pakuwawa." Thupi linali moto. Ndidamupatsa phala la mapira, adameza pang'ono nkusanza. Ndidati ndi malungo, poti kuno kwa Mbenje madzi akamaphwa m'madambo malungo sasowa pakhomo.

Unali mwezi wa Meyi, zaka zingapo nkhondo ya Ajeremani itatha, ndipo mudzi wonse maso anali pa tsiku limodzi, la 24. Kuboma limeneli ndi tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumukazi ya Angerezi imene idamwalira kale. Ana asukulu amaguba ndi mbendera, amuna amathamanga ali m'masaka, kumakhala kukoka chingwe ndi beni, madzulo azungu nkuonetsa zithunzi za nyali pansalu. Kusukulu ya mishoni, kumene ndidalekezera Sitandade 2, aphunzitsi ankati kwawo kwa azunguwo mwezi umenewu ndi pamene mitengo imaphuka, chonsecho kuno ndi pamene chisanu chimayamba. Kutchalitchi tsiku lomwelo ndi la Amayi Maria, anthu amayenda ndi nyimbo ndi maluwa. Ndiye pakhomo pathunso chaka chinali chitakwana chimwalirire apongozi anga aamuna, ndipo abale adapangana kuti bona, mowa wotsirizira maliro, ukhale tsiku lomwelo, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene ogwira ntchito kunjanji ndi kumakina a thonje amapuma onse pamodzi.

Ine ndine Mmang'anja koma ndidakwatiwa kwa Asena, ndimakhala kwawo kwa amuna anga, a Joaki. Dzina loti Zuze ndi la agogo ake omwalirawo. Kubanja kumeneku, pa bona mwana wa dzina amamukhazika pamphasa pakati pa bwalo, amayamba iye kumetedwa, lumo lomwelo nkuzungulira mitu ya adzukulu onse, kenako aliyense wobwera amamunyamula ndi kumupatsa moni ngati akulonjera mwini dzina.

Patapita masiku pang'ono kutentha kudatsika, ine nkukondwa. Ndikumusukusula ndidaona timadontho tofiira pamphumi. Ndidamutsegula kukamwa, tilimo. Mawa lake tidafika m'manja, m'zikhatho mwenimweni, ndi kumapazi, ndipo ukakhudza tinali tolimba ngati njere za mapira pansi pa khungu. Ndidaziwonapo zimenezi ndili mwana, pa mkulu wanga amene tidamuika osamusambitsa. Inali nthomba.

Ndidathamangira kwa apongozi anga aakazi, ndidawapeza akusefa mowa. Adabwera, adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhabe," adakana m'Chisena chawo. "Zidzolo za thukuta izi."

"Thukuta mwezi uno, amayi?"

Apo adatsitsa mawu. "Mowa uli m'mbiya, anthu ali kale m'mabwato kuchokera kutsidya. Ukakanena kuboma abwera amesenjala, atibalalitsa, atentha nyumba, mwamuna wanga akhala wopanda bona ngati wofera m'tchire. Mwana wa dzina atuluke mawa, timufunditsa nsalu, mkuja upite naye kumene ufuna."

A Joaki adayang'ana mwana, adayang'ana amayi awo, nkuti, "Make Zuze, tsiku limodzi lokha."

Ndidangoyang'ana pabwalo ana a alamu anga akusewera, mitu yawo yonse yodikira lumo limodzi, ndipo kubere kwanga kunali Marita, khanda losayamba nkukwawa komwe. Ndinkaopa apongozi, ndinkaopa mzimu wa omwalirawo, ndinkaopa boma, ndinkaopa kuti mwana andifera m'manja panjira anthu nkudzati ndamupha ndi mwano. Zonsezi ndinkaziopa nthawi imodzi, inu.

Kutacha, akazi akunyamula mitsuko kupita kumtsinje, nanenso ndidasenza wanga. Zuze ndidamubereka kumsana nditamufunditsa nsalu, Marita ndidamumanga kutsogolo. Titafika pabango ndidatsalira ngati ndikukonza mbereko, mtsuko ndidausiya pomwepo, nkukwera kunjanji, nkuyamba kutsata zitsulo kulowera kuboma. Njira inali yodzaza anthu opita kumasewera atavala zoyera, ena opita kutchalitchi ndi maluwa m'manja. Ndikaona gulu ndinkapatukira m'maudzu. Mayi wina wodziwana nane adafuna kundilandira mwana, ndidamukuwira kuti asayandikire, iye nkupsa mtima. Kumsana ndinkamva kutentha kwa Zuze kudutsa nsalu, ndipo akakhala chete nthawi yaitali ndinkadzigwedeza dala kuti abuule, ndidziwe kuti alipo.

Ndidafika dzuwa lili pamutu, chipatala chili chotseka. Mlonda adati onse ali kubwalo la masewera. Ndidakhala pansi pa msawu kudikira. Ng'oma za beni zinkamveka, lipenga, ana akuimba nyimbo ya Chingerezi imene nanenso ndidaimbapo osadziwa tanthauzo lake, belu la kutchalitchi nalo likulira, ine ndikuingitsa ntchentche pankhope pa mwana. Mlonda uja adabwera kudzakweza nsalu ndi ndodo yake. Atangoona, adathamanga.

Amene adabwera naye anali munthu wakuda mnzathu, mthandizi wa dokotala, ife tinkangoti adokotala. Wenzulo yoyambitsira mpikisano inali idakali m'khosi. Adagwira mkono wa Zuze, nkuutembenuza.

"Adatemeredwa uyu?"

"Adatemera chaka chatha, mudzi wonse."

"Nanga chipsera chili kuti?"

Ndidawauza zoona. Kwathu otemera akangochoka, amayi akuluakulu amasonkhanitsa ana nkuwatikita pamkono ndi ndimu wosakaniza phulusa, kuti pasatupe, mwana asalire. Amachita mwachifundo. Tsiku limenelo ine ndidachokera kudimba nkupeza ana onse akununkhira ndimu.

"Adatsuka mankhwalawo, mayi," adatero. "Mkono wotupa ndi umene wagwira."

Pomwepo pansi pa mtengo adatitemera, kutikanda pamkono ine ndi Marita. Kenako adafunsa dzina la mudzi ndi la mwini khomo. Ndidazengereza kutchula. Adati, "Pali ana ena kumeneko?" Ndidatchula.

Adatiika m'misasa ya udzu kuseri kwa boma, kufupi ndi mtsinje, kumene kunali kale odwala ena ochepa. Panali mwala waukulu umene unali malire. Chakudya ankachisiya pamwalapo, ife nkukatenga iwo atachoka, ndipo mbale ikalowa kwathu sinkabwereranso. M'mawa uliwonse adokotala aja ankabwera atamanga nsalu pamphuno, ndi ndowa ya madzi ofiirira osambitsira zilonda, mafuta odzoza, ndi mankhwala odonthezera m'maso. Dokotala wachizungu adabwera kamodzi, adayang'ana aliyense, adalankhula ndi mthandizi wake, nkupita. Zotsala zonse kunali kudikira.

Timadontho tija tidasanduka matuza, matuza nkudzaza mafinya. Nkhope idatupa mpaka maso kutsekeka, moti ndikadakumana naye panjira sindikadamudziwa mwana wanga. Kutentha kudabweranso koposa poyamba. Mphasa inkamatirira pakhungu, ndiye adandiuza kuti ndizimugoneka pamasamba a nthochi. Manja ndidamukulunga m'zigamba kuti asakande. Kukamwa kunali zilonda zokhazokha, madzi ndinkamudonthezera ndi kansalu. Fungo lake sindingalilembe. Bambo wa msasa woyandikana nafe, wogwira ntchito pasitima ya pamadzi, ankatiimbira nyimbo kuti Zuze aleke kulira. Tsiku lina sadaimbe, ndipo madzulo msasa wake adautentha.

Mkono wa Marita nawo udatupa, padatuluka thuza lalikulu, thupi nkutentha. Ndidalira kuti nayenso wayamba. Adokotala adauyang'ana nkuseka koyamba chifikire ife. "Uyu ndiye wapulumuka. Musapakepo kanthu, ngakhale malovu."

A Joaki adabwera sabata yachiwiri, adaima kuseri kwa mwala atagwira chipewa. Adati amesenjala adafika valimba, mangolongondo a Chisena, itangoyamba kulira, adaimitsa zonse, alendo onse adawatemera asanakwere mabwato, nyumba yathu adaitentha ndi zonse zinali m'katimo. Mowa udasasa m'mbiya.

"Amayi akuti wawachititsa manyazi abambo."

"Ndamva."

Adapotokola chipewa. Kenako adafunsa motsitsa, "Akudya?"

Ndidati ayi. Adakhala pansi pafumbi pomwepo mpaka dzuwa kupendeka.

Kusintha kudabwera pang'onopang'ono. Matuza adayamba kuuma, nkhanambo zidachita bii thupi lonse, kutupa kudatsika. M'mawa wina diso la kumanja lidatseguka, adandiyang'ana nkuti akufuna mlamba wootcha. Ndidakuwira mlonda kuchokera pamwala ngati wamisala, iye nkukaugula ndithu. Sadatilole kuchoka mpaka nkhanambo yomaliza itagwa, chifukwa adati m'menemo ndi mmene muli matenda. Tsiku lotuluka adatisambitsa, nsalu zathu adazitentha, nkutipatsa zina. Chisanu chinali chitafika pachimake.

Kumudzi ndidapeza a Joaki atamanga kanyumba kena. Ndidapezanso kuti Ntsai, mwana wa alamu anga amene ankagona mphasa imodzi ndi Zuze asanatuluke zidzolo, adadwala ife titachoka. Poopa kuti nyumba ina ipsanso, makolo ake adakamubisa kumsasa wa kudimba. Sadabwereko. Adzukulu ena onse adakhala bwino. Mayi ake a Ntsai mpaka lero tikakumana kumtsinje amayang'ana kumbali, ndipo sindidziwa ngati akukwiyira ine kapena akudzikwiyira okha.

Pano Zuze ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wayamba sukulu. Nkhope yake ndi ya mabowomabowo, diso la kumanzere lili ndi kadontho koyera ndipo amaona nalo mwachimbuuzi, koma amathamanga, amawedza, amadya ngati mnyamata aliyense. Bona adadzaphikanso pang'ono mvula isanagwe, ya apakhomo okhaokha. Apongozi amanenabe kuti zipserazo ndi zala za agogo ake, okwiya poti mwana wa dzina lawo adathawa tsiku lawo. Ine sinditsutsa. Chaka chino aphunzitsi adamusankha kuti akagube nawo kuboma pa 24, iye akusangalala, ine mtima uli m'mwamba ndikaganiza za khamu limenelo.

Ndalemba izi kuti azimayi anzanga odziwa kuwerenga awerengere osadziwa. Mwana akatentha thupi nkudandaula msana, kenako zidzolo nkutuluka kumaso ndi m'zikhatho, musadikire kuti mwambo udutse, kapena tchalitchi, kapena masewera. Mupatuleni kwa anzake tsiku lomwelo, mupite naye. Nyumba imamangidwanso.

Otemera adabweranso mwezi wathawu. Ndili ndi mwana wachitatu tsopano, wamkazi, wa miyezi yochepa. Ndidaima naye kutsogolo kwa mzere. Atangomukanda sindidalowe m'nyumba, ndidatenga ana onse atatu, ufa ndi mphika, nkupita kwa achimwene anga kwa Makhuwira. Kumeneko ndidagona naye pachifuwa, osalola munthu kumunyamula, ngakhale amayi anga ondibereka, mpaka mkono udatupa, mwana adalira, nkhanambo idagwa. Ndidabwerera pakhomo chipsera chitaoneka. Apongozi adamulandira, adakweza kamkono kuyang'ana, nkuti, "Wamupweteka mwana."

Ndidati, "Inde, amayi," nkumutenga.