Tsiku Limene Injini Inamwa Mtsinje

Galimoto ndinaigula chifukwa cha mawondo a apongozi anga. Ena amagula kuti azinyamula matola, ena kuti akazi aziwacheukira, ine ayi. Amayi a akazi anga anali atatha chaka ndi miyezi osaponda m'tchalitchi cha ku mishoni chifukwa cha nyamakazi, ndipo chimene chinkawadya mumtima sichinali kwaya kapena ulaliki koma Mgonero. Kabaza ankamukana, amati mayi wa Mvano sakhala pakaliyala atagwira mwana wa eni m'chiuno. Ndiye ine, mkamwini wa pamudzi, mphunzitsi wa sitandade faifi, ndinaona kuti mpata wanga ndi umenewu.

Zaka zonse ndakhala pamudzi pawo anali asanandiyankhulepo maso ndi maso. Mawu ankadzera mwa mwana wawo: "Uwauze aphunzitsi mbuzi zalowa m'dimba," ine ndili chiimire pomwepo. Tikakumana pa kanjira ka kumpunga ndinkapatukira patchire ngati ndaba nkhuku. Ndi mwambo, sindidandaula. Koma ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha adzanene kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Ndinalonjeza, kudzera mwa akazi anga omwewo, kuti pa Mgonero wa kumayambiriro kwa chaka ndidzawatula pakhomo penipeni pa tchalitchi.

Kagalimoto kake kanali kotopa kale kwawo kumene kanachokera, koma kankayenda. Bwenzi zonse zili bwino alamu anga, achimwene awo a akazi anga, akanapanda kubwera kuchokera ku Joni m'mwezi wa Okutobala. Anatsegula boneti, napukusa mutu ngati aona maliro.

"Alamu, galimoto yanuyi ili ndi chimfine," anatero, akugogoda bokosi lakuda la pulasitiki limene linali pambali pa injini. "Injini imapuma ngati munthu. Mpweya wonse ukudutsa m'bokosi ili, m'kati muli chipepala. Ingathamange bwanji yotseka mphuno?"

Anatulutsa m'chikwama fyuluta yosefa mpweya, yofiira, yooneka ngati bowa, yokhala pa kapaipi kakafupi konyezimira. Anati ndikaika imeneyo m'malo mwa bokosilo mphamvu iwonjezeka, ndipo petulo ndiziiwala kuti amagulitsa. Ine amene ndimaphunzitsa ana a eni za mpweya ndinangogwedeza mutu ngati gulo. Tinachotsa bokosi lija, akazi anga nkulitola, nkuikamo udzu kuti nkhuku iziikiramo mazira.

Phokoso lokha, ndisaname, linali lokoma. Ukaponda moto kagalimoto kankabangula ngati chilole cha matabwa, ana nkumathamangira kumsewu, agalu nkumalowa m'mbali. Ndinkachita kuchedwa kusintha giya kuti a pa golosale amve. Koma tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndikukwera chitunda popita ku Zomba, minibasi yodzaza anthu ndi matumba a mpunga inandipitirira, kondakitala nkundibayibitsa. Ine ndinatsala m'mbuyo ndi phokoso langa. Muvi wa petulo nawo unkatsika mwachangu kuposa kale, ndipo sindinafune kuvomera kuti wolakwa wina ndi phazi langa, limene linkangoponda moto kuti khutu lisangalale.

Ndinapita kwa amakanika ena achikulire amene amakonzera magalimoto pansi pa mtengo wa mango pamsika. Anagwira bowa uja nkuchotsa dzanja msanga.

"Mwamva kutentha kwake, aphunzitsi? Chinthuchi chakhala pafupi ndi injini, chikukoka mpweya wowotcha. Mpweya wotentha ndi wopepuka, uli ngati phala lamadzimadzi, injini siikhuta. Bokosi lija linkakoka wa kutsogolo, wozizirirako, ndipo fumbi la kuno linkaligwira bwino. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Kabwezeretseni bokosi."

Ndinawauza kuti m'bokosimo muli nkhuku ikufungatira. Zinali zoona, koma chenicheni chinali manyazi. Mudzi wonse unali utazolowera kubangula kwanga, ndibwerere chete ngati munthu wolandidwa katundu? Ndinaimbira foni alamu, amene anali atabwerera ku Joni. Iwo sanagwe mphwayi. Anati cholakwika ndi kapaipi kakafupiko, ulipo mtundu wina wa paipi yaitali imene imatsika mpaka kuseri kwa bampala, pafupi ndi tayala, kumene mpweya ndi wozizira. Anaitumiza pa basi.

Amakanika anaiyang'ana paipiyo nthawi yaitali. "Mphuno ya galimoto mukuiika m'mawondo," anatero. "Kuno ndi kumpunga, bambo. Simuona magalimoto a mabungwe, paipi yake imakwera mpaka padenga ngati chitamba cha njovu? Anzanu akuthawa madzi ndi fumbi, inu mukuzilondola."

"Ingomangani, amakanika," ndinayankha. Anamanga.

Kunena chilungamo, zinasinthako pang'ono. M'mawa kukamazizira kagalimoto kankakoka bwinoko pachitunda, ngakhale kuti ndinkachita kutchera khutu kuti ndione kusiyana kwake. Petulo anangobwerera pamene anali nthawi ya bokosi, osaposa. Ndiye kuti ndinazungulira dziko lonse kuti ndifike pakhomo panga pomwe. Koma ndinkauza aliyense kuti tsopano galimoto ikununkhiza chabe petulo.

Lamulungu la Mgonero linafika. Kuphiri mvula inali itagwa yamphamvu dzulo lake, koma kwathu kunacha bwino. Apongozi anatuluka atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, khadi la Mgonero lili m'Baibulo. Anayenda ndi ndodo mpaka pagalimoto, nakhala kumbuyo. Akazi anga, amene anali ndi pakati potopa, anakhala kutsogolo. Sindinaoneponso apongozi akumwetulira choncho, ndinkawaba ndi diso pagalasi.

Pakati pa mudzi wathu ndi mishoni pali kamlatho ka simenti kotsika, kamene mtsinje ukadzaza madzi amangodutsa pamwamba. Tsikulo ankadutsa, ofiira, ofika m'misongolo ndi kupitirira pang'ono.

"Bambo, tidikire aphwereko," anatero akazi anga.

Ndinayang'ana wotchi. Ndinayang'ananso pagalasi. Galimoto ya bokosi ikanawoloka madzi amenewo osatsokomola nkomwe, ndipo ine ndinaganiza ngati ndidakali ndi bokosi. Ndinalowa, ndiponso ndinaponda moto kuti apongozi amve mphamvu ya mkamwini wawo. Kagalimoto kanabangula, kanakankha madzi ndi bampala, kenako pakati penipeni panamveka khu, ngati munthu wameza fupa. Zii. Ndinapotokola kiyi, sipanamveke kanthu. Paipi ya alamu inali itayamwa mtsinje, ndipo injini imatha kupsinja mpweya koma madzi ayi.

Belu la ku mishoni linayamba kulira. Panjira panalibe munthu, onse anali atapita kale. Mtunda wotsala unali waufupi kwa wa miyendo, koma kwa mawondo aja kunali kutsidya kwa nyanja. Palibe anandikalipira, ndipo bola akanandikalipira. Apongozi anasisita Baibulo lawo, nati motsitsa mawu kwa mwana wawo:

"Uwauze aphunzitsi asavutike. Mulungu waona kuti tinanyamuka."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinavula nsapato ndi jekete, ndinatsikira m'madzi, ndinatsegula chitseko cha kumbuyo, nkutembenuka, nkunyonyomala msana utaloza kwa apongozi.

"Auzeni amayi akwere," ndinatero.

"Mutu ukuyenda bwino, bambo?" ananong'ona akazi anga. Mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake, nanji kuwabereka. Madzi ankandilowa m'thumba la thalauzi. Ndinadikira. Kenako ndinamva manja awiri ouma akundikoleka m'khosi.

Anali opepuka ngati mwana wa sitandade wani, ndipo zimenezi zinandiwawa kuposa injini. Tinawoloka, akazi anga akutsatira ndi ndodo ndi Baibulo. Titafika pamishoni, azimayi amene anali pakhonde anagwira pakamwa, abambo ena nkuyamba kuyang'ana mitambo mwachidwi. Ndinalowa nawo wopanda nsapato, thalauzi ikudontha, ndinawatsitsa pa benchi ya amayi a Mvano ulaliki ukutha, nkutuluka. Ndili panja ndinawaona pawindo akulandira kakapu ndi manja awiri.

Mapemphero atatha, mkulu wina wa mpingo anati aperekeza apongozi pa galimoto yake kudzera njira yozungulira. Asanakwere, apongozi anaima ndi ndodo yawo. Anayang'ana ine, osati mwana wawo.

"Bambo," anatero, "nkhuku ija inaswa kalekale. Bokosi lili pakhonde."

"Chabwino, amayi," ndinayankha.

Kagalimoto tinakakoka ndi ng'ombe za ngolo. Amakanika atamasula injini anandionetsa chitsulo cha pisitoni chitakhota ngati mpini wa khasu, ndipo sananene kuti ndinakuuzani, anangotsuka bokosi lija ndi sopo kuchotsa zitosi. Ntchito inatenga masabata ambiri. Pa Mgonero wotsatira galimoto inali bwinobwino, yachete, ikupumira pamene anaipangira. Ndinawoloka kamlatho kaja pang'onopang'ono, akazi anga ali kutsogolo ndi khanda. Ndinayang'ana pagalasi mwachizolowezi, koma kumbuyo kunalibe munthu. Amayi tinali titawaika m'manda mpunga usanache.