Mbuzi ya m'kalata yanga yaumboni

Zotsatira za mayeso a giredi 12 zitatuluka, ndinafunsira malo kusukulu ya udokotala. Fomu yake inkafuna kalata ya mphunzitsi wondidziwa bwino, yochitira umboni kuti ndine munthu wotani. Choncho ndinapalasa njinga kuchokera kwathu ku Kambombo mpaka ku Chama kukaonana ndi aphunzitsi anga a bayoloje, bambo wa ku Lusaka amene kutentha kwa kwathu kuno anali asanakuzolowerebe.

Ndinawapeza atakwiririka m'mapepala ochonga, uku akudzikupiza ndi kope la mwana wasukulu.

"Manje iwe, ukuona mmene ndilili," anatero. "Kalembe wekha m'Chingerezi ngati kuti ndikulemba ndine. Ubwere nayo Lachisanu, ndidzangosaina."

Ndinkayesa n'zapafupi. Koma kudzitamanda papepala kunandichititsa manyazi, moti tsiku lonse ndinalemba mizere itatu yokha: kuti mtsikanayu ndimamudziwa, amakhoza bayoloje, ndipo sachedwa kawirikawiri.

Amama ndi azakhali anga ankatong'ola chimanga pakhonde. Anandiuza kuti ndiwamasulire zimene ndalemba. Nditamaliza, amama anaponya chitsononkho pansi.

"Sachedwa kawirikawiri? Ndiye kuti nthawi zina amachedwa? Ukudzinenera wekha? Tenga pepala lina."

Kuyambira pamenepo iwo ankayankhula m'Chisenga, ine n'kumatembenuzira m'Chingerezi. Amama anati ndilembe kuti ndinayamba kuyenda ndili ndi miyezi isanu ndi itatu. Azakhali anati ndilembe kuti ndimazinga nkhuku osatseka maso. Amama anakumbukiranso za minga imene ndinazula kuphazi la amalume, azakhali nawo za mbuzi yathu yotupa mimba imene ndinaimwetsa madzi a phulusa iyo n'kudzuka.

"Koma azakhali, mbuzi ija inafa."

"Inafa patapita masiku awiri," anayankha. "Iwe ulembe za tsiku loyamba."

Kalatayo inakwana masamba awiri ndi theka. Pomaliza amama anati ndiwonjezere kuti m'boma lonse la Chama mulibe mtsikana wina ngati ine, ndipo nditakana anandifunsa ngati ndinawaona onse.

Lachisanu ndinapeza aphunzitsi aja ali muofesi ndi anzawo atatu, akumwa tiyi. Ndinkayembekezera kuti angosaina osawerenga. Iwo anavala magalasi, nayamba kuwerenga mokweza. Atafika pa nkhuku, mayi wina wophunzitsa masamu anatsamwa ndi tiyi. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

"Manje munthu ameneyu akufuniranji sukulu?" anafunsa aphunzitsi. "Timupatse chipatala lero lomwe. Wakulembera ndani?"

"Amama ndi azakhali, aphunzitsi."

"Nanga mbuzi ili bwanji?"

"Inafa, aphunzitsi."

Anaseka mpaka kuvula magalasi n'kupukuta misozi. Kenako anapinda kalata ija bwinobwino, nandibwezera.

"Iyi usunge, osataya. Koma ine sindingasaine za munthu amene sindinam'phunzitsepo. Khala apo."

Anatsegula kompyuta yawo nayamba kutaipa ndi zala ziwiri. Ndinasuzumira, ndipo ndinaona mawu akuti khoswe. Tili giredi 11, tsiku loyamba kutumbula khoswe mulabu, ndinakomoka n'kugwera pampando, anzanga n'kundinyamulira panja.

"Aphunzitsi, chonde, zimenezo ayi. Ndani angatenge dokotala wokomoka?"

"Nanga m'mawa mwake unatani?"

"Ndinabwera ndi khoswe wina wa m'nkhokwe mwathu."

"N'kundivutitsa nthawi ya nkhomaliro kuti uyambirenso, mpaka unatchula ziwalo zonse. Zimenezo n'zimene ndikudziwa ine."

Anasindikiza tsamba limodzi lokha, naliika muenvulopu, namata, nasaina pomatirapo kuti ndisatsegule. Njira yonse yobwerera ku Kambombo ndinkaganiza zoiponya mumtsinje. Sindinaiponye chifukwa ndinalibe ina.

Kunyumba amama anaiyeza envulopuyo m'manja nati yapepuka. Ndinawanamiza kuti kompyuta imalemba zilembo zing'onozing'ono.

Patapita miyezi ingapo akusukulu ya udokotala ija anandiitana ku Lusaka kukayankha mafunso. Patebulo panali madokotala atatu. Wapakati, mayi wa imvi wosaseka, anatsegula fayilo yanga, nawerenga kanthawi, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndinu amene munakomoka?"

"Inde, ndine."

"Khoswe wachiwiriyo munam'gwira bwanji?"

Ndinali nditaloweza mayendedwe a magazi ndi mayina a mafupa onse, koma ndinapezeka ndikufotokoza mmene timatchera diwa ndi mwala wafulati, kamtengo ndi njere ya chimanga. Dokotala wa kumanzere anati kwawo amatchera ndi nsawawa, wa kumanja akuti nsawawa zimatha ndi nyerere, ndipo anakangana pang'ono asanandifunse za magazi.

Uthenga woti anditenga unafika pafoni ndili kumunda. Ndinathamangira kunyumba khasu lili paphewa. Amama anavina pabwalo, azakhali akuimba nthungululu, kenako awiriwo anayamba kutsutsana kuti chagwira ntchito n'chiti, minga ya amama kapena mbuzi ya azakhali. Anandifunsa ine kuti ndiweruze. Ndinati madokotala anakonda zonse mofanana, ndipo ndinapita kukatunga madzi.