Anati Ndi Kujambula Chabe

Anatilakwira ndi amalume anga, a madigiri aja a ku College Park, kuno kutsidya la nyanja. Ananamiza amayi, mlongo wawo weniweni, n'kundinamizanso ine.

Madokotala atapeza khansa m'phapo la amayi, amalume ndiwo anakhala omasulira. Achipatala anafuna kuitana womasulira wawo, iwo anakana. Ine, wolekezera Fomu 2, wosintha matayala ku Wheaton, ntchito yanga inali kuyendetsa galimoto n'kudikira panja. Kwathu, akuti amalumewo, munthu wamkulu sumuuza matenda otere, amafa ndi maganizo. Ndiye anangoti, "Achemwali, ndi kachifuwa chabe. Azingokujambulani."

Sikunali kujambula. Makina ake amawotcha chotupa ndi cheza, ndipo poti phapo limakwera n'kutsika, makinawo amatsatira kapumidwe ka munthu kuti asawotche pabwino. Chomwe amafuna n'chakuti wodwala azipuma mwa masiku onse.

Koma amayi kujambulidwa amakudziwa. Kuchipatala cha kumudzi ankati kokani mpweya, gwirani, musapume! Ndiye ankati akagona pamakinapo, ankagwira mpweya mpaka maso kufiira. Makina n'kuima. Achipatala akalankhula, amayi Chingerezi ayi, ankayesa akuwakalipira kuti sakugwiritsa, n'kugwira kwambiri. Amalume muwafune, ali pakhonde ndi foni.

M'mawa wina amayi anakana kuvala. "Zithunzi zakwana, mwanawe. Akufuna akakhome pakhoma?"

Ndinawanyengerera mpaka tinapita awiri, amalume ali kuntchito. Namwino ananditengera pambali n'kundifunsa ngati amayi akudziwa chomwe akudwala, poti akapitiriza chonchi chithandizo sichitheka. Anandifotokozera zonse. Ndikanamenya khoma.

Ndinagwada pafupi ndi mpando wa amayi n'kuwauza, dzina la matenda lomwe. Anasalaza chitenje pamaondo.

"Ndiye osandiuza bwanji? Kupuma ndimakutha."

Tsiku limenelo makina anayenda mpaka kumapeto.

Madzulo amalume anatulukira, jekete asanavule. "Iwe, wakutuma ndani? Ukufuna kuwapha amayi ako?"

Amayi anandikoka malaya kuti ndikhale pansi. Sindinakhale.

"Amalume, amayi awa anaika amuna awo m'manda osakomoka. Amene mukuopa ndinu. Phapo ndi lawo, mpweya ndi wawo. Mawa musavutike kubwera, ndikamasulira ndekha ndi Fomu 2 yangayo."