Mkaka wa Kamphepo

A Zikhalo a kwa Kaphuka ndi mlimi wa mbatatesi ngati tonsefe, koma mukawafunsa pamsika wa Linthipe anthu amati, "Aja a agalu?" Ine ndakhala nawo moyandikana kuyambira ndili mtsikana. Malemu akazi awo ankadandaula kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu anali galu.

Agalu awo anali achikuda, a makutu oima, othamangitsa apusi m'chimanga. Sankagulitsa. Galu wawo akaswa, wofuna kamwana ankapita ndi nkhuku, ndipo nkhukuyo sinali mtengo ayi, unali ulemu chabe. Ankayamba akupanikiza ndi mafunso ngati wadzafunsira mbeta: azikagona pati kukazizira? Ana ako ndi ogenda? Atamva kuti bambo wina wa ku Kasina amamanga ndi waya m'khosi galu amene anamupatsa, a Zikhalo anayenda wapansi kukamulanda, nkhuku yake n'kumubwezera. Galu amene anali naye pamtima anali Kamphepo, wamkazi, wofiirira, woti ngakhale khanda limamukoka mchira iye n'kungoyasamula.

Mavuto anabwera ndi Tony, mwamuna wa mwana wawo Jesinta. Mnyamatayu anagwirapo ntchito yaulonda ku Lilongwe, ndiye anabwerako ndi nzeru yoti galu ndi bizinesi. Pamalo a apongozi ake anamanga khola la njerwa, lofolera ndi malata, pamene nyumba yogona mkazi wake ikudontha. Anaikamo zigalu ziwiri zam'tauni, mitu ngati ya mathole. Mayina zinalibe, dzuwa sizinkaliona. Ankazisinjira mavu m'chakudya kuti ziluse, ndipo chachikazicho sichinkapuma, kungoletsa kuyamwa basi china chili m'mimba. Ndisaname, zake zinkayenda. Magalimoto ankabwera kudzatenga tiana, mpaka Tony anagula njinga yamoto n'kuyamba kutipatsa moni ndi hutala. Koma ine mnyamata ameneyu sindinamukondepo.

M'nyengo yozizira ya chaka chatha, Kamphepo ndi chigalu chachikazi chija anaswa sabata imodzi. Chigalucho, poti chinali chitatheratu, chinafa tiana tisanatsegule maso. Tianato eni ake am'tauni anali atatilankhulira kale pafoni. Tony anapita kwa a Zikhalo, n'kunjuta chapatali monga achitira mkamwini.

"Bambo, ndimati mundibwereke Kamphepo ayamwitse tanga tija. Take n'tachikuda, n'totani ngakhale titafa?"

"Akamwini," anayankha a Zikhalo, "mabere amenewo ali ndi eni ake. Kagulani botolo."

Lamulungu lotsatira mudzi wonse unapita ku Misa. Ine ndinatsala chifukwa cha mwendo. Ndili pakhonde ndinamva Kamphepo akulira, ndipo nditasuzumira pampanda ndinaona Tony akumukwakwaza ndi tcheni kupita naye kukhola. Anabwerera kunkhokwe kumene kunali tiana ta Kamphepo, n'kutiponya m'thumba la feteleza, kumanga kukamwa. Kenaka anayamba kulimenyetsa pamtengo wa mapichesi. Phu! Phu! Thumba linkalira, iye n'kumamenyetsabe, mpaka linangoti zii, magazi akudontha pansi pake.

"Tony! Mfiti iwe, wachita chiyani?" ndinakuwa.

"Amayi, zapakhomo pa eni sazilowerera."

Anatulutsa kamodzi kakufa, n'kukapaka pa tiana tam'tauni tija, kumutu mpaka kumchira, kuti Kamphepo akanunkhiza amve fungo la ake. Nzeru zoterezi amaziphunzira kuti, ine sindidziwa.

A Zikhalo anafika dzuwa lili pamutu, jekete lawo la kutchalitchi lili pathupi, korona m'khosi. Sindinabise kanthu, ndinawauza zonse. Anapita pamtengo paja, anamasula thumba, anayang'anamo nthawi yaitali. Anangogulula khasu pamwala n'kutsala ndi mpini.

Tony ankapukuta njinga yake. "Bambo, tikambirane, ndikupatsani kamodzi ka mtundu..."

Mpini unamupeza pakamwa. Ndinaona dzino likugwera m'fumbi. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sakhalira mphasa imodzi, koma tsiku limenelo anagubuduzana pabwalo ngati anyamata a kumowa. Tony anatola njerwa n'kuwang'amba nayo pachikope, magazi chuu pajekete. Jesinta ankakuwa atagwira kumutu, osadziwa woti amukoke, bambo ake kapena mwamuna. Nkhalamba ija inadzuka, n'kutsitsa mpini pamkono wa Tony. Fupa linamveka kuthyoka ngati phesi louma. Tony anakwawira kuseri kwa njinga akuitana amake.

Ndinkayesa zatha, koma a Zikhalo analunjika kukhola. Chigalu chachimuna chinkadziguguda pachitseko cha chipinda chake, iwo osachicheukira.

"Ana a Kamphepo afa, awanso afe," anatero. "Galu wanga ndikumutenga."

Ndinawatsatira motsimphina, ndipo ndikuuzeni zoona, mumtima ndinkati aphe, aphe tonse. Anakankha chitseko. Kamphepo anali atagona chammbali pasimenti yozizira, tiana tonenepa tija tili kakaka kumabere. Anali atatinyambita kale, magazi onse atachoka. Ataona mbuye wake anagwedeza mchira.

"Kamphepo, dzuka. Tiye kwathu."

Sanadzuke. A Zikhalo anamasula tcheni, n'kukankha kamwana kamodzi ndi phazi kuti kapatuke. Kanalira. A Zikhalo anakweza mpini.

Galu amene anamulera kuyambira ali kakhanda anawadumphira. Mano analowa padzanja lamanja, pamfundo penipeni, ndipo sanangoluma n'kusiya, anapukusa mutu uku ndi uku mpaka mnofu unalendewera. Mpini unagwa. A Zikhalo anagwada, osakuwa, osamumenya, kungomuyang'ana m'maso. Kamphepo anawasiya yekha, ananyamula kamwana kaja pakhosi, n'kukabwezera pamimba pake. Anagonanso, akulira chamumtima, maso ali pa iwo.

Ndinang'amba chitenje changa n'kuwamanga dzanja. Anthu anali atadzaza pabwalo, ena atatola miyala, akuti galu woluma mwini wake sasungidwa.

"Woponya mwala aponyere ine," anatero a Zikhalo. "Jesinta, kaphike phala. Galuyu akuyamwitsa."

Ndinalira ngati pamaliro, ndipo sindichita nazo manyazi. A Zikhalo anatola thumba lija ndi dzanja lamanzere kuti akalikwirire. Atafika pachitseko cha khola anaima, n'kuimba mluzu kamodzi. Kamphepo anaimika makutu, koma sanadzuke.